Momwe mungaperekere maganizo anu pamene malamulo oteteza ufulu wachibadwidwe akuunikidwa: malangizo kwa anthu a mu Blantyre

Nthawi ndi nthawi bungwe lounika malamulo la Law Commission, Unduna wa Zachilungamo kapena komiti ina ya Nyumba ya Malamulo imalengeza pa wailesi ndi m'nyuzipepala kuti ikufuna kumva maganizo a anthu pa lamulo lokhudza ufulu wachibadwidwe. Msonkhano wa chigawo cha kummwera kawirikawiri umachitikira muno mu Blantyre. Anthu amafika, amayankhula mokhudzika mtima, ena mpaka kugwetsa misozi, koma lipoti likatuluka amapeza kuti zimene ananena zafupikitsidwa kukhala mzere umodzi wonena kuti anthu ena anadandaula za apolisi kapena za zipatala. Chimachititsa nthawi zambiri si nkhanza za olemba lipoti ayi, koma kuti dandaulo palokha silingalembedwe m'lamulo. Wolemba malamulo amafuna kudziwa gawo limene lili ndi vuto, umboni wakuti vutolo lilipodi, ndi mawu amene mukufuna kuti alowe m'malo mwake. Malangizo awa ndi othandiza munthu payekha kapena gulu, kaya ndi la mavenda a mu Limbe, amayi a banki m'khonde ku Bangwe kapena achinyamata a mpingo ku Ndirande, kuti akafike pamsonkhano wotere atanyamula zinthu zitatu zimenezi.

Yambani ndi kudziwa amene akufunsa

Musanalembe chilichonse, fufuzani kuti wayitanitsa maganizo ndi ndani, chifukwa zimenezi zimakuuzani pamene nkhani yafika ndi kukula kwa zimene zingasinthe. Bungwe la Law Commission, limene linakhazikitsidwa ndi mutu 12 wa malamulo oyendetsera dziko, limagwira ntchito kumayambiriro kwenikweni. Limasankha gulu lapadera la akatswiri, limalemba chikalata chofotokoza mafunso amene likufuna kuyankha, limayendera zigawo zonse zitatu za dziko, kenako limatulutsa lipoti lokhala ndi bilu yongoyerekeza. Apa khomo limakhala lotseguka kwambiri, ndipo mukhoza kufunsa ngakhale zinthu zimene sizinali m'maganizo a akatswiriwo. Unduna ukamafunsa, nthawi zambiri bilu imakhala italembedwa kale ndipo ikudikira kupita ku nduna za boma. Komiti ya aphungu, monga ya zamalamulo, ikamafunsa, ndiye kuti bilu yafika kale ku Lilongwe ndipo masiku ndi owerengeka. Pamenepo nkhani zazitali sizithandiza, chofunika n'kuloza ndime imene mukufuna kuti ichotsedwe kapena ikonzedwe.

Funsaninso ngati chimene chikuunikidwa ndi lamulo wamba kapena malamulo oyendetsera dziko enieniwo. Lamulo wamba limasinthidwa aphungu ochuluka mwa amene avota akavomereza. Malamulo oyendetsera dziko amafuna magawo awiri mwa atatu a aphungu onse, ndipo gawo 196 limanena kuti magawo ena otetezedwa, kuphatikizapo a maufulu, amafuna riferendamu pokhapokha kusinthako kukhale kosakhudza tanthauzo lenileni la malamulowo. Sikuti n'zosatheka: mu February 2017 aphungu anasintha magawo 22 ndi 23 kuti mwana akhale aliyense wosakwana zaka 18 ndi kutseka mpata umene unkalola ukwati wa ana a zaka 15 makolo akavomereza. Koma njira imeneyi ndi yotsetsereka, ndipo ngati chimene mukufuna chingatheke kudzera m'lamulo wamba, pemphani chimenecho poyamba.

Pezani zikalata, ndipo muziwerenge pagulu

Pemphani chikalata cha mafunso kapena bilu yeniyeniyo kwa amene akuyitanitsa maganizo, ndipo musakhutire ndi chidule cha pa wailesi. Akazengereza, lamulo lopatsa anthu mwayi wopeza nkhani za boma la 2017 lili kumbali yanu: mukalemba kalata yopempha, ofesi ya boma iyenera kukuyankhani pasanathe masiku 15 ogwira ntchito. Malamulo ambiri a dziko lino ndi zigamulo za makhoti akuluakulu zimapezeka mwaulere pa intaneti pa tsamba la MalawiLII, ndipo amene alibe foni yotha kutsegula tsambali akhoza kupempha thandizo ku ofesi ya NICE (bungwe lophunzitsa anthu za ufulu ndi demokalase), ya Malawi Human Rights Commission kapena ya Legal Aid Bureau muno mu mzinda.

Zikalata zimenezi zimakhala m'Chingerezi cholimba cha maloya, choncho pezani munthu mmodzi kapena awiri, mphunzitsi wopuma kapena wophunzira zamalamulo, kuti awerenge ndime ndi ndime n'kumamasulira gulu likumva. Pambali pa biluyo pakhale mutu wachinayi wa malamulo oyendetsera dziko, kuyambira gawo 15 mpaka 46, chifukwa ndi umene uli muyeso wa malamulo ena onse. Simufunika kuuloweza wonse. Gawo 19 limateteza ulemu wa munthu ndi kuletsa kuzunza. Gawo 20 limaletsa tsankho. Gawo 42 ndi la munthu womangidwa, ndipo ndi limene limanena kuti akaonekere kukhoti pasanathe maola 48. Gawo 43 limakakamiza maofesi a boma kupereka zifukwa zolembedwa pa chiganizo chokhudza ufulu wanu. Gawo 5, lomwe lili kunja kwa mutuwu, limanena kuti lamulo lililonse lotsutsana ndi malamulo oyendetsera dziko lilibe mphamvu. Gawo limene anthu ambiri amalidumpha, koma ndi limene ndingalimbikitse kuti muliwerenge kawiri, ndi 44, lofotokoza nthawi imene boma lingachepetse ufulu wa munthu. Kuchepetsako kuyenera kukhala kolembedwa m'lamulo, koyenera, kovomerezeka pa miyezo ya mayiko onse, ndiponso kofunikadi m'dziko la demokalase. Mukaona m'bilu mawu opatsa nduna kapena mkulu wa polisi mphamvu yochita chinthu pamene iye waona kuti n'koyenera, popanda malire ena, ikani chizindikiro pamenepo, chifukwa ndi m'mawu otere m'mene ufulu umatayikira.

Zindikirani mtundu wa vuto lanu

Pano ndi pamene magulu ambiri amasochera, ndipo ndi pofunika kukhalapo nthawi. Vuto limene lakusautsani likhoza kukhala la mitundu itatu, ndipo uliwonse uli ndi pempho lakelake.

Mtundu woyamba ndi lamulo loipa limene lilipo ndipo likugwiritsidwa ntchito. Anthu a mu Blantyre akudziwa bwino za vakabu. Mu 2015 Mayeso Gwanda, yemwe ankagulitsa majumbo, anamangidwa m'bandakucha akupita kukachita malonda ake, pogwiritsa ntchito ndime ina ya gawo 184 la malamulo a milandu imene inkalola kumanga munthu chifukwa chongomuganizira kuti ali pamalo ndi cholinga choipa. Mu January 2017 bwalo lalikulu la milandu ku Chichiri linagamula kuti ndimeyo ikutsutsana ndi malamulo oyendetsera dziko. Vuto lanu likakhala lotere, pempho ndi lachindunji: gawo lakutilakuti lichotsedwe kapena likonzedwe motere.

Mtundu wachiwiri ndi mpata, kutanthauza kuti dziko linalonjeza chinthu koma lamulo lochikwaniritsa palibe. Malawi analowa m'mapangano ambiri a mayiko: lothetsa tsankho kwa amayi mu 1987, pangano la mayiko a mu Africa la maufulu mu 1989, la ufulu wa ana mu 1991, mapangano awiri akuluakulu a United Nations a maufulu a ndale ndi a zachuma mu 1993, loletsa kuzunza anthu mu 1996 ndi la anthu aulumali mu 2009. Koma kusainira pangano ku Geneva kapena ku Addis Ababa sikulisandutsa lamulo la kuno. Gawo 211 limanena kuti pangano limene dziko lalowamo malamulo oyendetsera dziko a 1994 atayamba kugwira ntchito limakhala lamulo la Malawi pokhapokha Nyumba ya Malamulo itakhazikitsa lamulo lotero. Nkhaniyi inaonekera kale pa mlandu wa Chakufwa Chihana mu 1993, pamene khoti la Supreme linavomereza kuti chikalata cha United Nations cha maufulu cha 1948 chinali mbali ya malamulo athu, koma linakana kugwiritsa ntchito pangano la mu Africa chifukwa linali lisanalowetsedwe m'malamulo a dziko. Makhoti amaloledwa ndi gawo 11 kuyang'ana malamulo a mayiko onse pomasulira malamulo athu, koma majisitireti wa khoti laling'ono sangazenge munthu mlandu umene sunalembedwe m'buku la milandu la Malawi.

Mpata wina woyenera kuudziwa ndi wa zaumoyo, chakudya ndi pokhala. Anthu ambiri amadabwa akamva kuti mutu wachinayi ulibe gawo lapadera lonena kuti munthu aliyense ali ndi ufulu wolandira chithandizo cha mankhwala. Zaumoyo ndi kadyedwe koyenera zili m'gawo 13, pa mfundo zotsogolera boma, ndipo gawo 14 limanena kuti mfundozo ndi zongowongolera. Gawo 30, la ufulu wa chitukuko, limatchula chakudya, pokhala ndi zaumoyo, koma polankhula za kupatsa anthu mwayi wofanana. Amene anataya nyumba ku Chilobwe ndi m'mphepete mwa phiri la Soche pa namondwe wa Freddy mu March 2023 ali ndi zambiri zonena pa mpata umenewu, ndipo msonkhano wounika malamulo a maufulu ndi malo oyenera kuzinenera.

Mtundu wachitatu, umene mwa kuona kwanga ndi wochuluka kuposa iwiri ija, ndi wakuti lamulo labwino lilipo koma silitsatidwa. Belo ya kupolisi ndi yaulere, koma anthu amalipira. Malamulo a kazengedwe ka milandu anakonzedwa mu 2010 kuti munthu asakhale pa rimandi kupitirira masiku 30 mlandu wake usanayambe ku khoti laling'ono, kapena masiku 90 pa milandu ikuluikulu monga kupha, koma ndende zathu zikadali ndi anthu amene nthawi yawo inapitirira kalekale. Mu 2009, pa mlandu wa Masangano, khoti linalamula boma kuti lichepetse ndi theka kuthithikana kwa m'ndende pasanathe miyezi 18, koma kuthithikanako kukudandaulidwabe mpaka lero. Mukafika pamsonkhano n'kupempha lamulo loletsa kulipiritsa belo, wapampando adzakuyankhani mwaulemu kuti lamulolo lilipo kale, ndipo mpata wanu woyankhula udzakhala watha. Pempho loyenera apa ndi lokhudza mano a lamulolo: amene waliphwanya alandire chilango chotani, wodandaula apite kwa yani, ayankhidwe m'masiku angati, ndipo ndi ofesi iti imene iyenera kupereka lipoti ku Nyumba ya Malamulo chaka chilichonse.

Sonkhanitsani umboni wochepa koma wolimba

Nkhani imodzi yofotokozedwa bwino, yokhala ndi mwezi, dera ndi zimene zinachitika motsatana, imaposa mawu akuti anthu ambiri akuvutika. Khalani pansi ndi anthu amene zinawachitikira, lembani m'mawu awo, kenako muwawerengere kuti avomereze. Ngati muwerengera chiwerengero, chikhale chimene mwawerenga nokha ndipo munene momwe mwachipezera, mwachitsanzo kuti munafunsa mamembala onse a gulu lanu ndipo mwa iwo angapo akuti anayamba amangidwapo popanda kutengeredwa kukhoti. Musakokomeze, chifukwa chiwerengero chimodzi chikapezeka chabodza, kalata yonse imakayikiridwa.

Musalembe dzina la munthu wochitiridwa nkhanza popanda chilolezo chake, ndipo dzina la mwana kapena la wogwiriridwa musalilembe n'komwe. Zimene mwapereka zikhoza kusindikizidwa m'lipoti limene aliyense angawerenge, kuphatikizapo amene anamulakwira uja. Momwemonso musatchule dzina la wapolisi kapena namwino amene mukumuganizira. Msonkhano wounika malamulo si khoti, ndipo dandaulo la munthu payekha lili ndi njira zake, zimene ndi Ombudsman, Malawi Human Rights Commission, kapena bungwe loima palokha lolandira madandaulo okhudza apolisi.

Lembani kalata yanu

Masamba awiri kapena atatu ndi okwanira. Lembani m'Chichewa ngati ndi chimene mumafotokozera bwino maganizo anu, koma ngati n'kotheka ikani pamodzi ndi kumasulira kwake m'Chingerezi, chifukwa lipoti lidzalembedwa m'Chingerezi ndipo ndi bwino kuti womasulira akhale wanu kusiyana ndi mlembi wotopa amene ali ndi mulu wa makalata patebulo. Pamwamba nenani kuti ndinu ndani, mukuimira anthu angati ndipo munagwirizana bwanji. Kenako mfundo iliyonse ikhale ndi gawo la lamulo, vuto lake, umboni ndi pempho. Mfundo zitatu zokonzedwa bwino zimaposa khumi zongotchulidwa.

Tiyerekeze kuti gulu lanu likudandaula za kumenyedwa kwa anthu m'chitokosi pofuna kuti avomere mlandu. M'malo molemba kuti apolisi asiye nkhanza, mukhoza kulemba motere: "Gawo 19 la malamulo oyendetsera dziko limaletsa kuzunza munthu, ndipo dziko lathu linalowa m'pangano loletsa kuzunza mu 1996. Komabe wozunza munthu ali m'manja mwa boma amazengedwa mlandu wovulaza wamba, ngati kuti ndi ndewu ya pamsika. Tikupempha kuti kuzunza kukhale mlandu paokha m'buku la milandu, wokhala ndi tanthauzo lofanana ndi la m'panganolo, ndipo mkulu amene walamula kapena kulekerera aziyankhanso mlandu. Tikupemphanso kuti gawo 176 la malamulo a kazengedwe ka milandu likonzedwe, kuti mawu ovomera mlandu amene munthu wanena atamenyedwa kapena kuopsezedwa asalandiridwe n'komwe ngati umboni." Gawo 176 limeneli lakhala likudandaulidwa kwa zaka zambiri chifukwa limalola khoti kulandira mawu ovomera mlandu ngakhale woimbidwa mlandu akunena kuti anakakamizidwa, bola khotilo likhutire kuti anawanenadi ndipo ndi oona. Onani kuti ndime yachitsanzoyi ilibe mawu aukali, koma wolemba malamulo akhoza kuitenga n'kuyamba nayo ntchito tsiku lomwelo.

Pa pempho lililonse dzifunseni mafunso amene wa ku Unduna wa Zachuma adzafunse: adzachita ndani, liti, ndipo ndalama zake zidzachokera kuti? Lamulo lopereka ufulu popanda kutchula ofesi yoyenera kuukwaniritsa ndi ndalama zake lili ngati mjigo wopanda mpini, umene umaoneka bwino pakati pa mudzi koma anthu akumwabe madzi a pachitsime. Lamulo la apolisi la 2010 linakhazikitsa bungwe lolandira madandaulo lija, koma panapita zaka pafupifupi 10 lisanayambe ntchito. Choncho ngati bilu ikukhazikitsa bungwe latsopano, pemphani kuti itchule nthawi imene mamembala ake ayenera kukhala atasankhidwa, ndiponso kuti ndalama zake zizichokera mwachindunji ku Nyumba ya Malamulo osati kudzera ku ofesi imene bungwelo likuyenera kuifufuza.

Musabise mfundo zotsutsana ndi zanu. Ngati mukudziwa kuti mafumu, atsogoleri a mipingo kapena apolisi adzanena kuti pempho lanu lidzachulukitsa umbava kapena kuwononga chikhalidwe, tchulani nkhawayo nokha ndipo muyankhe modekha. Pa nkhani zimene Amalawi amagawanika kwambiri, monga chilango cha imfa, gulu lanu lomwe likhoza kusagwirizana. Zikatero lembani zoona, kuti ambiri anaganiza motere ndipo ena anaganiza mwina. Mukhozanso kupeza pogwirizana pang'ono: ngakhale amene amafuna chilangochi chikhalepo ambiri amavomereza chigamulo cha mlandu wa Kafantayeni cha 2007, chakuti woweruza asakakamizidwe kupereka imfa kwa aliyense wopezeka wolakwa pa kupha popanda kumva zifukwa zochepetsera chilango.

Tsiku la msonkhano

Misonkhano yambiri yotere imachitikira m'mahotela ndipo amayitanidwa ndi mabungwe odziwika, mafumu, akuluakulu a mipingo ndi a maofesi a boma. Ngati gulu lanu silinayitanidwe, lembani kalata yopempha malo masiku akadalipo, kapena pemphani bungwe limene layitanidwa, monga CHREAA pa nkhani za ndende ndi apolisi, FEDOMA pa za aulumali kapena APAM pa za anthu achialubino, kuti likanyamulire kalata yanu. Ngati pakati panu pali wosamva, wosaona kapena woyenda pa njinga ya olumala, nenani msanga kuti pakhale womasulira chinenero cha manja, zikalata za zilembo za anthu osaona ndi khomo lolowera njinga. Zikakanika, chimenecho chilembedwe ngati mfundo yanu yoyamba.

Mukafika mudzapeza pepala lolembetsa mayina pakhomo, ndipo nthawi zambiri pamakhala lina losainira ndalama yoyendera. Landirani ngati ilipo, si tchimo, koma musalole kuti gulu lisankhe nthumwi potengera amene akufuna alawansi. Tumizani amene anawerenga bilu. M'mawa wonse umatha ndi malonje, mapemphero ndi zokamba za akatswiri, ndipo nthawi ya anthu imafika dzuwa litapendeka, ena atayamba kale kuganiza za minibasi ya ku Lunzu kapena ku Chileka. Konzekerani kuyankhula mphindi zitatu zokha. Mukapatsidwa mpata, perekani ulemu kwa wapampando ndi mafumu mwachidule, tchulani gulu lanu, kenako yambani ndi pempho, umboni ubwere pambuyo, kuti akakudulani pakati chachikulu chikhale chitamveka kale.

Munthu wofunika kwambiri m'chipindamo si mlendo wolemekezeka amene wakhala kutsogolo, koma mlembi amene wakhala pambali ndi laputopu. Pa nthawi yopuma mupezeni, mumupatse kalata yanu m'manja, ndipo mumufunse mwaulemu kuti akuwerengereni momwe walembera mfundo yanu. Akakugawani m'magulu okambirana, dziperekeni kukhala wolemba pa pepala lalikulu lija kapena wokafotokoza kutsogolo, chifukwa zimene zalembedwa pamenepo ndi zimene zimajambulidwa ndi kutengedwa ku Lilongwe. Mkangano umakula msanga pa nkhani za maufulu, ndipo wina akhoza kukunenani kuti mwatumidwa ndi azungu kapena ndi chipani. Musabwezere, bwererani ku gawo la lamulo ndi umboni wanu.

Kutumiza ndi kulondola

Ngakhale mwayankhula pamsonkhano, tumizani kalatayo mwa dongosolo tsiku lotsekera lisanafike. Mukapereka pamanja, tengani makope awiri kuti imodzi akudindireni chidindo cha tsiku n'kubwerera nayo. Mukatumiza pa imelo, pemphani yankho lotsimikiza kuti yafika. Kope ina ipite kwa phungu wa dera lanu ndi ina ku Malawi Human Rights Commission, imene ili ndi udindo wolangiza boma pa malamulo okhudza maufulu.

Ntchito yaikulu imayamba apa, chifukwa lipoti la Law Commission si lamulo. Limapita ku Unduna wa Zachilungamo ndi ku nduna za boma, ndipo likhoza kukhala m'kabati zaka zambiri. Zambiri zimene zinatuluka mu ntchito younika malamulo oyendetsera dziko ya 2006 ndi 2007 sizinafike msanga ku Nyumba ya Malamulo. Lipoti likatuluka, fufuzani ngati mfundo yanu ilimo ndi chifukwa chimene apereka ngati aikana, popeza chifukwacho ndi chimene mudzayankhe pa ulendo wotsatira. Bilu ikasindikizidwa mu Gazeti ya boma, iyerekezeni ndi ya m'lipoti ndime ndi ndime, chifukwa mawu amasintha pakati pa njira.

Kuti khama la pa nthawi imeneyi limapindula, chitsanzo chake ndi lamulo la HIV ndi Edzi. Bilu yake, yochokera ku lipoti la Law Commission la 2008, inali ndi ndime zokakamiza magulu ena a anthu, kuphatikizapo amayi oyembekezera, kuyezetsa magazi, ndi zina zoika mlandu pa kupatsira wina kachilombo. Amayi amene ali ndi kachilomboka, kudzera m'mabungwe awo, anakumana ndi aphungu n'kuwafotokozera kuti popeza amayi ndi amene amayamba kudziwa za magazi awo kusikelo, ndi iwo amene adzayambe kuimbidwa milandu ndi kuthamangitsidwa m'mabanja. Pamene aphungu ankavomereza biluyo mu November 2017, ndime zimenezo zinachotsedwa. Amayiwa anali ndi ndime zoloza ndi umboni wa moyo wawo, ndipo anafika kwa aphungu voti isanachitike.

Pokumana ndi phungu wanu, pitani anthu atatu kapena anayi ndi tsamba limodzi lokha lotchula ndime ndi mawu amene mukufuna, ndipo mumufunse ngati ali m'komiti imene ikuunika biluyo. Ngati salimo, akuuzeni mnzake amene alimo. Nyumba ya Malamulo ikavomereza, gawo 73 limapatsa mtsogoleri wa dziko masiku 21 kuti asainire kapena aibweze ndi zifukwa zake, ndipo ngati ndime yoopsa yadutsa, masiku amenewo ndi mpata womulembera kalata. Akasainira, lamulo limasindikizidwa mu Gazeti, koma yang'anani ndime yake yoyamba, imene imanena tsiku loyamba kugwira ntchito. Malamulo ambiri amasiya tsikulo m'manja mwa nduna. Lamulo lopatsa anthu mwayi wopeza nkhani za boma lija aphungu analivomereza mu December 2016 ndipo linasainidwa mu February 2017, koma linayamba kugwira ntchito pa 30 September 2020. N'chifukwa chake m'kalata yanu yoyamba ija, pansi pa mapempho ena onse, muyenera kuwonjezera lakuti bilu itchule yokha tsiku loyamba kugwira ntchito, kapena inene kuti idzayamba pakatha masiku akutiakuti chisindikizidwire, nduna italengeza kapena isanalengeze.